Batire Limafera Kumtunda

Ana anga, bwerani mukhale pansi pano pamthunzi. Ukondewo uuma wokha.

Dzulo masana ndinadutsa pagombe la ku Mbamba pochokera kuchipatala, komwe ndinakatenga mankhwala a mawondo angawa. Mchenga unali ukuwotcha moti ngakhale agalu anali atathawira pansi pa mango. Ndinawerenga maboti asanu okokeredwa kumtunda. Mwa asanuwo, atatu anali ndi mabatire m'kati, mawaya ali chilumikizire, dzuwa likumenya pamwamba penipeni. Limodzi linali litakhala m'timadzi ta pansi pa boti, moyandikana ndi chigubu cha petulo. Nditaligwira ndinachotsa dzanja msanga ngati ndakhudza mphika wa pamoto. Eni ake anali ku bawo. Ndikudziwa chifukwa chake: mwezi ukuwala masiku ano, usipa sukubwera ku nyali, ndiye aliyense akuti tikupuma. Inu mukupumadi. Batire lija likupsa.

Ine usiginala, ntchito yoitana usipa ndi nyali, ndinauyamba nthawi ya nyali za Tilley. Tinkathira palafini, n'kupopa mpaka mkono kuwawa, ndipo kansalu kake kakang'ambika ndi funde, usiku umenewo wapita pachabe. Sindikuzilira nyali zimenezo, ayi. Palafini ankatidyera phindu, ndipo mababu amene mukugwiritsa ntchito lerowa anatipumitsa. Koma nyali ya Tilley inali ndi ubwino umodzi: ikadwala inkanena. Inkatsokomola, kufuka utsi, kufiira, ndipo munthu unkaikonza usanapalase. Batire silinena. Kunja limakhala losalala, zilembo zake zikuwerengeka bwinobwino, chikomekome cha mkuyu, pomwe m'kati munatha kalekale. Umadzadziwira pakati pa madzi, usipa utangoyamba kusonkhana, mababu n'kuyamba kufooka, mapiri a ku Mozambique ali bii kutsogolo kwako.

Musaiwalenso kumene tikukhala. Munthu wa ku Mzuzu batire likamufera m'mawa, pofika masana wagula lina. Ife kuno tidikire Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanja pano kuyambira 1951, ndipo ikakhala kuti ili kokonzedwa ku Monkey Bay, mukudziwa nokha mmene chilumba chino cha Likoma chimakhalira. Apo ayi, titume munthu pa boti la ku Nkhata Bay. Pa mtengo wa batire muwonjezerepo ulendo, wonyamula ndi masiku amene boti lakhala osalowa m'madzi. Ndipo musaganize kuti ndalama imeneyo imatuluka m'thumba mwa bwana mwini boti yekha. Amayamba waichotsa pa nsomba musanagawane. Batire limene mukuliwotcha pagombelo ndi gawo lanu lomwe.

Kuti mulisamale, muyambe mwadziwa chimene chili m'bokosimo. Muli zipinda 6, chilichonse chimapereka mavoti 2 ndi pang'ono, n'chifukwa chake timati batire la mavoti 12. M'chipinda chilichonse muli mapuleti a mtovu omizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi. Anatulukira zimenezi ndi Mfalansa wina, Gaston Planté, mu 1859, kutatsala zaka 44 kuti amishoni ayambe kumanga tchalitchi cha St Peter's ku Chipyela mu 1903. Choncho batire ndi nkhalamba kuposa ine, ndipo makhalidwe ake anadziwika kale. Adani ake ndi awiri: kutentha ndi njala.

Kutentha kumathamangitsa zonse zochitika m'katimo. Madzi amauma msanga, mapuleti amadyeka msanga, ndipo moto umachucha wokha ngakhale palibe babu loyaka. Opanga mabatire amawerengera moyo wake pa madigiri 25. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10 pamwamba pa pamenepo, moyo wake umatsika pafupifupi ndi theka, ndipo kuchucha kwa moto kuja kumawirikiza kawiri. Tsono kuno mu Okutobala ndi Novembala madigiri 30 timawapitirira tili pamthunzi. Nanga bokosi lakuda lokhala padzuwa m'boti kuyambira m'mawa mpaka madzulo? Mu Juni ndi Julayi, mwera ukatitsekera kumtunda, batire limakukhululukirani ulesi chifukwa kunja kumakhala kukuzizira. M'chilimwe silikhululuka.

Njala ndiye yoipa kwambiri, chifukwa simaoneka. Batire likamapereka moto, pamapuleti pamamera timibulu toyera tonga mchere. Mukalitchaja tsiku lomwelo, timibuluto timasungunuka n'kubwerera m'madzi, batire n'kukhalanso lamphamvu. Mukalisiya lili ndi njala sabata imodzi, ziwiri, timibulu tija timalimba ngati dothi la pachulu, ndipo palibe tchaja imene ingatichotse tonse. Malo osungira moto amachepa mpaka kalekale. Kutentha kumafulumizitsa kulimba kumeneku. Ndiye onani chimene mumachita: mwabwerako m'bandakucha, batire lagwira ntchito usiku wonse, lili ndi njala, inu n'kulisiya padzuwa mpaka mwezi udzayambenso kuchedwa kutuluka. Mwawaitana adani onse awiri n'kuwatsekera m'chipinda chimodzi.

Ndikunena izi chifukwa zinandigwera. Chaka china, mababu atangofika kumene, tinali ndi batire latsopano la N70, lisanathe miyezi inayi. Tinabwerako kunyanja n'kulandira uthenga wa maliro a malume anga ku Chizumulu. Ndinangoponya saka pamwamba pa batire, ndikuti ndibwera mkuja. Maliro, zokambirana za pabanja, kenako kusowa boti lobwerera, masabata atatu anatha. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Nditafika ndinapeza mbali zake zitatupa ngati mimba ya mwana wodya mango osapsa, ndipo nditatsegula tizitsekero, mitu ya mapuleti inali pamtunda, youma gwa. Tinalitchaja masiku awiri. Linkayatsa mababu ola limodzi n'kugona. Miyezi iwiri yotsatira ndinkapita kunyanja ngati wogwira thangata, gawo langa likupita kubweza batire, ndipo mayi a kunyumba sanandiiwalitse nkhaniyi mpaka lero.

Tsono kachotsedwe kake. Musalichotse dzuwa lili paliwombo, inu mutatopa, thukuta likulowa m'maso. Chitani m'mawa mukangokocheza, nsomba zikatsika, kapena madzulo. Yambani mwazimitsa chilichonse: mababu, wailesi, mafoni amene mwalumikiza, ndi kiyi ngati injini yanu ndi yolizira kiyi. Chigubu cha petulo chitulutseni kaye chikakhale patali. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umakhazikika pansi pa boti pomwe pali batirepo, ndipo kamoto kamodzi kothetheka n'kokwanira. Ndudu izimitsidwe. Mphete, wotchi yachitsulo ndi tcheni cha m'khosi, vulani. Batire ili silingakugwireni ngati magetsi a m'nyumba, koma chitsulo chikalumikiza mitu yake iwiri chimafiira nthawi yomweyo, ndipo mphete yofiira sivulika.

Womasula woyamba ndi waya wakuda, wa mainasi, amene amakaniko amati ethi. Wofiira, wa pulasi, amabwera pambuyo. Chifukwa chake n'chakuti pa boti la injini ya kiyi, waya wakudayo ndi wolumikizidwa ku thupi la injini. Sipanala ikaterereka muli pa mutu wa mainasi n'kukhudza chitsulo cha injini, palibe chimachitika. Ikaterereka muli pa pulasi, wakuda akadali pamalo pake, ndiye moto. Wina anena kuti lathu ndi boti lamatabwa, batire ndi la mababu okha, zilibe kanthu. Zoona, ngozi yake ndi yocheperapo. Koma dzanja limaphunzira njira imodzi, ndipo tsiku lina mudzalembedwa ntchito pa boti lalikulu lonyamula alendo kapena katundu. Lizolowezeni njira yoyenera lero. Nati ikamasuka, gwedezani chomangira pang'onopang'ono chituluke. Osachimenya ndi mwala, osachikanula ndi sikuludiraiva, chifukwa mutu wa batire ndi mtovu wofewa, ukasweka m'munsi asidi amayamba kutulukira pamenepo. Ndipo sipanala musaigoneke pamwamba pa batire, ngakhale kwa kamphindi.

Ponyamula, likhale choimirira, manja awiri pansi kapena pa zogwirira zake, osati kukoka mawaya. N70 imalemera ngati ndowa yodzaza madzi, N100 kuposa pamenepo. Ndimaona ena mukutuma alongo anu kuti alisenze pamutu ngati mtolo wa nkhuni. Lekani zimenezo. Likapendekeka pang'ono pokwera mtunda wamiyala uja, asidi amatsikira kumaso. Ngati zachitika, madzi ambiri msangamsanga, kutsuka osaleka kwa mphindi 20, diso lili chitsegulire, kenako kuthamangira ku chipatala cha St Peter's. Osapaka mafuta, osathira mankhwala a m'maso a munthu wina.

Mukafika nalo kunyumba, lisambitseni. Fumbi, mamba a usipa ndi chinyezi zikaunjikana pamwamba, zimapanga kanjira kamene moto umadutsamo kuchoka mutu wina kupita mutu wina, usana ndi usiku. Zoyera kapena zobiriwira zimene zimamera pamitu zija zimachoka ndi soda, yemweyu amayi anu amathira m'therere. Supuni imodzi m'kapu ya madzi, kutsuka ndi mswachi wakale, tizitsekero tili totseka ndithu kuti soda asalowe m'kati, chifukwa akalowa amapha asidi. Pukutani liume, mupake Vaseline pang'ono pamitu.

Kenako tsegulani tizitsekero musuzumire, ndi tochi, osati ndi machesi. Madzi ayenera kumiza mapuleti m'zipinda zonse 6. Ngati penapake mapuleti aonekera, thirani madzi ongokwanira kuwamiza, mutchaje, ndipo mukamaliza kutchaja ndi pamene muwonjezere mpaka pa mzere. Mukadzaza musanatchaje, madzi amafufuma n'kusefukira. Madzi ake ndi a batire, ogula m'botolo, otchezedwa kuchokera ku nthunzi. Apa ndi pamene ambiri mumagwa. Mumati nyanja yathu ndi yoyera, timamwa, pansi pamaoneka. Inde, koma madzi a m'nyanja ndi a pamjigo ali ndi mchere wa m'miyala umene lilime silimva, ndipo mapuleti amaumva. Amene akupita ku Nkhata Bay mutumeni mabotolo awiri chilimwe chisanafike. Mtengo wake sufika ngakhale pa ndowa imodzi ya usipa. Asidi musawonjezere. Chimene chimauma ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Aja amakuuzani kuti tikhuthule akale tithire atsopano, kapena tiponyemo mapiritsi a mutu kuti lidzuke, akukudyerani ndalama. Likhoza kuwala usiku umodzi kapena uwiri, kenako n'kuferatu. Ngati batire lanu ndi lija lomata, lopanda tizitsekero, musalikanule. Lotero madzi ake akauma ndi kutentha sabwezeredwa, choncho limafuna mthunzi kuposa linzake.

Kutchaja kukhale kwa tsiku lomwelo, ndipo lidzaze, osati kulawitsa. Kale tinali ndi chowiringula, magetsi a jenereta ankazima usiku. Lero kuli magetsi a dzuwa a EGENCO, ndipo masola ali pamadenga ambiri kuyambira ku Makulawe mpaka ku Nkhwazi. Koma tchajani modekha. Mulingo wabwino ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa batire: la N70, maampu 7 kapena kucheperapo. Wotchajitsa amene amakulonjezani kuti pakatha maola awiri mudzatenge, akuliphika. Ligwireni m'mbali likamatchajidwa. Kufunda pang'ono n'kwabwino, koma likatentha moti dzanja silikhazikika, kapena mukamva fungo la dzira lovunda, zimitsani lipume. Zimitsani tchaja kukhoma musanachotse zopanira zake, popeza batire likamadzaza limatulutsa mpweya wa hydrogen, umene suoneka, sununkha, koma umaphulika ndi kamoto kochepetsetsa. N'chifukwa chakenso ndimadana ndi kayesedwe kanu kaja kokhudzitsa waya kumitu iwiri kuti muone ngati lithetheka. Bokosi likaphulika, asidi amalunjika pankhope ya woyesayo.

Za sola ndinenepo mawu awiri. Sola ndiyo ikhale padzuwa, batire likhale pamthunzi. Gulani waya wautali. Ndipo pakati pa ziwirizi pakhale kontirola. Sola imene timati ya mavoti 12 imatha kukankha mavoti 18 dzuwa likakhwima, ndipo popanda choletsa imapitiriza kukankha batire litadzaza kale, madzi n'kumawira mpaka kuuma.

Malo osungira. Munalowapo m'tchalitchi cha St Peter's masana a mu Novembala? Kunja kukuwotcha, koma mukangodutsa pakhomo thupi limapuma, chifukwa makoma ndi ochindikala ndipo mpweya ukuyenda. Batire limafuna malo otero: ozizira, ouma, opita mphepo. Kashedi kamalata kotsekedwa mbali zonse ndi uvuni. Pansi pa mlambe musadalirepo, nyengo ino unayoyola masamba, mthunzi wake ndi wa nthambi zokha, ndiponso akuba ali ndi maso. Sankhani chipinda chimene dzuwa la masana silimenya khoma lake, pakona, pansi. Munamva kuti simenti imayamwa moto wa batire. Zimenezo zinali zoona pa mabokosi akalekale; apulasitiki a lerowa sayamwidwa, ndipo simenti yozizira imalithandiza. Kathabwa pansi ndimaikabe, koma n'cholinga choti asidi akadontha asadye simenti ndiponso madzi okolopera asalifike.

Lisakhale kukhitchini pafupi ndi moto. Lisakhale kuchipinda chogona, makamaka likamatchajidwa. Litalikirane ndi petulo, ndi thumba la ufa wa kondowole, ndi usipa wouma. Ndipo chonde, lisagundane ndi chilimira. Asidi amadya ulusi wa nayiloni mwakachetechete. Ukonde umaoneka wabwino, n'kudzang'ambika tsiku limene wadzaza nsomba. Ana asalifike, ndipo mawaya onse achotsedwe. Ndikudziwa mayesero ake: batire lili m'nyumba, mpira ukuonetsedwa, mafoni a abale onse afuna moto. Mukatero silikusungidwa, likugwira ganyu, ndipo libwezeredwe moto wake m'mawa mwake.

Pagombe lililonse payenera kukhala kamita koyezera mavoti, ngakhale kamodzi kosonkherana. Yezani batire litapuma maola angapo chichokereni pa tchaja. Likaonetsa 12.6 kapena 12.7, ladzaza. Pa 12.4 layamba kufuna chakudya. Pa 12.2 latsala theka. Likatsika pansi pa 12, mukulipweteka. Ngati likhala nthawi yaitali osagwira ntchito, boti lili kokonzedwa kapena mwapita kumtunda, muuze wina aziliyeza pakatha masabata awiri aliwonse m'nyengo yotentha ino, n'kulitchaja likafika pa 12.4. Lembani ndi penti pambali pake mwezi ndi chaka chimene munaligula, kuti pokangana ndi bwana pakhale umboni.

Inu munapita kusukulu kuposa ine, ndiye tawerengerani. Mababu 4 a mawati 10 ndi mawati 40. Gawani ndi 12, mupeza maampu 3 ndi pang'ono. Kwa maola 8, mwatapa pafupifupi 27 mwa 70 amene N70 yatsopano imasunga. Pamenepo muli bwino, simunafike theka. Koma mukaona anzanu akuwala kwambiri n'kuwonjezera mababu kufika 8, mwatapa 53, ndipo batire la galimoto silinapangidwire zimenezo. Mapuleti ake ndi opyapyala, ntchito yake ndi kukankha injini kamphindi n'kudzazidwanso. La sola lili ndi mapuleti ochindikala, limapirira kutapidwa usiku wonse, ngakhale nalonso silikonda kupitirira theka. Pogula funsani kuti ili ndi la ntchito yanji. Safunsa anadya phula.

Latsala ndi lakufa, ndipo apa mundimvetsetse, chifukwa ifenso akuluakulu tinalakwapo. Batire likatha, chizolowezi chathu n'kuliswa ndi nkhwangwa, kukhuthulira asidi pamchenga, n'kusungunula mtovu m'chitini kuti tipange zolemetsa ukonde. Ndinachitapo, pabwalo pomwe ana ankasewera. Sindinkadziwa. Mtovu ndi poizoni amene sapweteka polowa. Utsi wake ndi fumbi lake zimakhazikika m'dothi, mwana amakwawa, amaika dzanja m'kamwa, ndipo umakamuwononga ubongo ndi magazi. Ku Senegal kuli dera la asodzi ngati ife, Thiaroye-sur-Mer, m'mphepete mwa mzinda wa Dakar. Anthu kumeneko ankaswa mabatire akale kuti apeze mtovu, wina wopangira zolemetsa maukonde, wina wogulitsa. Pakati pa 2007 ndi 2008 ana 18 anamwalira ndi mtovu umene unadzaza m'dothi la m'makomo mwawo. Ku Kabwe, ku Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akupezekabe nawo m'magazi. Chilumba chathu n'chaching'ono, dothi lake ndi lomweli, ndipo mvula yoyamba imakokolera zonse m'nyanja momwe timatunga madzi akumwa. Batire lakufa lisungeni lathunthu, choimirira, lotseka, mpaka mutapeza ogula mabatire akale kapena mutalikweza sitima kupita nalo kumtunda. Zolemetsa ukonde, miyala ilipo yambiri pa Likoma, mwina kuposa china chilichonse.

Mdima ukadzabwerera, libwezereni m'boti madzulo omwewo opita kunyanja, osati dzulo lake. Likhale pokwera, pamwamba pa madzi a pansi pa boti, m'bokosi lamatabwa kapena m'chigubu chodula, lomangidwa kuti funde lisaligubuduze. Polumikiza mutembenuze dongosolo lija: wofiira poyamba, wakuda pomaliza. Yatsani mababu onse mukadali pagombe, kukadali kowala, muone ngati pali waya wotentha kapena womasuka. Tochi ya mabatire akeake ndi nkhafi zisatsale.

Iwe mdzukulu wanga, usayang'ane kumbali. Mwa maboti atatu ndinaona dzulo aja, lija la batire lokhala m'madzi pafupi ndi petulo ndi lanu, ndinalizindikira ndi penti yobiriwira ija. Dzuwa likapendeka utenge sipanala ya 10 ndi ya 13 m'kabokosi kanga kuseri kwa chitseko, upite ndi mnzakoyo mukalinyamule awiri. Soda ukapemphe kwa agogo ako aakazi, koma uwasiyireko wa therere la mawa.